Mphambano za ku Dowa ndi Ntchisi ndi kawerengedwe ka ngozi

Mphambano zambiri za m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi zinalembedwa ndi mapazi galimoto isanafike. Njira zochokera kunyanja zinkakwera zitunda kulowera kumtunda, amtengatenga atasenza mitolo, ndipo pokumana njira ziwiri anthu ankatulapo katundu n'kupuma. Makolo ankapaopanso pamphambano, poti m'pamene ankatayapo mankhwala osambira odwala. Amishoni a mpingo wa Dutch Reformed atakhazikika pa Mvera mu 1889 ndi ku Kongwe mu 1894, zina mwa njirazi zinalambulidwa kuti mudutse machila, kenaka ngolo. Njanji itafika ku Salima mu 1935, malole a fodya anayamba kutsetsereka zitunda zomwezo.

Zinthu zinasinthiratu likulu la dziko litasamukira ku Lilongwe mu 1975. Msewu wa M1 unasanduka msana wa dziko, ndipo Mponela ndi Madisi zinakula motsatira phula. Msika unasendera kumsewu mpaka kuugunda. Pa Mponela, pamene pamapatukira msewu wa ku boma la Ntchisi, munthu amaona minibasi itaima pakamwa penipeni pa mphambano, wakabaza akutulukira kuseri kwake, mayi wa dengu la tomato akuwoloka, thiraki yopita kumpoto ikubwera ndi liwiro la kutchire. Pa Chezi, pamene msewu wa Lumbadzi–Dowa–Chezi wodzera ku Dzaleka umakumana ndi M14, vuto limakula chifukwa cha zitunda ndi makona.

Kale ngozi zotere zinkangotchedwa tsoka. Masamu oziwerengera anachokera kutali. Siméon Denis Poisson, wa ku France, anafotokoza mu 1837 m'mene zinthu zochitika mwa apo ndi apo zimagawikira, ndipo mu 1949 R. J. Smeed wa ku Britain anayerekeza imfa za pamsewu ndi kuchuluka kwa galimoto ndi anthu m'mayiko osiyanasiyana. Pa maziko amenewa akatswiri amatenga mphambano zambiri zofanana, kuwerenga galimoto zodutsapo tsiku lililonse, kulemba kapangidwe ka iliyonse, n'kupeza ngozi zoyembekezeka pa chaka. Kapangidweko n'kofunika kwambiri. Pamene misewu iwiri yapingasana pali malo 32 amene galimoto zingathe kukumanizana; pamene msewu wina wangothera mu unzake alipo 9; pa raundabauti alipo 8, ndipo galimoto zimafikapo zitachepetsa kale liwiro.

Masamuwa amateteza ku chinyengo chimodzi chofala. Malo amene chaka chino pachitika ngozi zisanu, chaka chamawa pakhoza kuchitika imodzi ngakhale osakhudzapo kanthu. Wina akaikapo chikwangwani pakatipo, amaganiza kuti chikwangwanicho n'chimene chathandiza. Ezra Hauer anafotokoza bwino msampha umenewu m'buku lake la mu 1997, ndipo n'chifukwa chake malo amodzi amayezedwa pa zaka zingapo, moyerekeza ndi ena ofanana nawo.

Kuno kwathu ntchitoyi ili m'manja mwa Roads Authority, yokhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2006, komanso nthambi ya boma yoona za magalimoto ndi chitetezo cha pamsewu, ndi apolisi, amene mabuku awo ndiwo gwero la ziwerengero. Apa m'pamene pali chilema chachikulu. Wanjinga akagundidwa m'misewu yafumbi ya ku Ntchisi, kawirikawiri nkhani imathera pa kukambirana kwa mabanja, ndipo womwalirira kuchipatala patapita masiku sawerengedwa nthawi zonse. Komanso masamu ambiri anapimidwira m'mayiko amene mulibe ngolo za ng'ombe kapena kabaza, kotero sayenera kutengedwa osasinthidwa. Ntchito yokonzanso M1 kuchokera pafupi ndi bwalo la ndege la Kamuzu kulowera ku Kasungu, imene inayamba mu 2022 ndi ndalama za European Investment Bank ndi European Union, inakhudzanso Mponela ndi Madisi pomwe. Phindu lake pa miyoyo ya oyenda pansi lidzadziwika pokhapokha ngozi za pa mphambano iliyonse zikamalembedwa ndi malo ake enieni, chaka ndi chaka.