Munda wa Ana wa Friedrich Froebel

M'chaka cha 1851, boma la Prussia, lomwe linali lamphamvu zedi pakati pa maiko olankhula Chijeremani, linalamula kuti sukulu zonse zotchedwa Kindergarten zitsekedwe. Mlendo akadalowa m'sukulu zimenezi sakadapezamo mfuti kapena mabuku oukira mfumu. Akadapezamo ana a zaka zitatu mpaka zisanu ndi chimodzi akugubuduza timipira, akuumba dothi, akuyimba ndi kuthirira timbewu tawo. Nanga boma linaopanji? Kuti funsoli liyankhidwe nkofunika kuyamba ndi munthu amene anayambitsa sukuluzi, Friedrich Froebel.

Froebel anabadwa pa 21 Epulo 1782 m'mudzi wa Oberweissbach, m'chigawo cha nkhalango cha Thuringia. Amayi ake anamwalira iye asanakwanitse chaka, ndipo abambo ake, omwe anali mbusa wa mpingo wa Lutheran, anali munthu wouma mtima ndi wotanganidwa ndi ntchito. Mwanayo anakula mwaumasiye, bwenzi lake lenileni likhala tchire ndi mitengo. Atasinkhuka anakaphunzira ntchito yoyang'anira nkhalango, kenaka analowa yunivesite ya Jena koma sanamalize chifukwa cha kuchepa kwa ndalama. Anayesa ntchito iyi ndi iyo mpaka m'chaka cha 1805 pamene anayamba uphunzitsi mumzinda wa Frankfurt, ndipo apa ndi pomwe mtima wake unakhazikika.

Zinthu ziwiri zinaumba maganizo ake. Choyamba ndi zaka zimene anakhala ku Yverdon, m'dziko la Switzerland, pasukulu ya mphunzitsi wotchuka Johann Heinrich Pestalozzi, amene ankati mwana ayambe waona ndi kugwira chinthu asanauzidwe dzina lake. Chachiwiri ndi ntchito imene anagwira ku Berlin kuyambira m'chaka cha 1814, yosanja miyala m'nyumba yosungiramo miyala ya mitundumitundu. Kumeneko ankathera tsiku lonse akuyang'ana miyala yonyezimira ija yokhala ndi ngodya ndi mbali zosalala, nazindikira kuti mwala uliwonse umakula potsata dongosolo lake lochokera mkati. Anayamba kukhulupirira kuti mtengo, mwala ndi mwana zonse zimakula motero, ndipo kuti mphunzitsi sali ngati mmisiri wosema mtondo, koma ngati mlimi amene amagaula, kuthirira ndi kupalira, kukula nkusiyira mbewu.

Anatsegula sukulu yake m'chaka cha 1816, ndipo chaka chotsatira anaisamutsira ku Keilhau. Koma patapita zaka anaona kuti ana ankafika kusukulu chidwi chawo chitazilala kale. Mmera mpoyamba. Choncho m'chaka cha 1837, ali ndi zaka 55, anakhazikika m'tauni yaing'ono ya Bad Blankenburg nayamba kupanga zoseweretsa ndi kusonkhanitsa tiana tosafika msinkhu wa sukulu. M'chaka cha 1840 anapatsa ntchitoyi dzina loti Kindergarten, kutanthauza munda wa ana.

Malo osungirako ana aang'ono analipo kale ku Ulaya, makamaka a ana a amayi osauka ogwira ntchito. Koma ambiri mwa malowa cholinga chawo chinali kungosunga ana kuti asavulale, kapena kuwakhazika pamabenchi kuti aloweze mavesi ndi zilembo. Masewera ankaonedwa ngati chibwana chofunika kuchithetsa msanga. Froebel anatembenuza nkhaniyi. Kwa iye masewera ndiwo anali ntchito yeniyeni ya mwana, njira imene mwanayo amatulutsira zimene zili mumtima mwake ndi kuyesera dziko lomuzungulira. Aliyense amene anaonapo ana ali pamasanje, wina atasanduka mayi wokalipira ana, wina akuumba ng'ombe ya dothi nalimbana ndi nyanga yomwe ikungothothoka, angavomereze kuti palibe wamkulu amene amaikirapo mtima pantchito yake kuposa pamenepo. Mwana woumba ng'ombeyo akuphunzira za kulemera kwa dothi, kuchuluka kwa madzi ofunika ndi kupirira, popanda womuuza kuti ili ndi phunziro.

Zoseweretsa zakezo Froebel anazitcha mphatso, ndipo anazisanja mwadongosolo. Mphatso yoyamba inali timipira tofewa tisanu ndi kamodzi ta ulusi wa ubweya, kalikonse ka mtundu wakewake, tomangirira kuchingwe. Khanda limakagwira kampirako, kukataya, kukaona kakubisika ndi kutulukiranso, potero limayamba kuzindikira kuti chinthu chikabisika sichinathe. Yachiwiri inali zinthu zitatu za mtengo: mpira, kachipika ka mbali zisanu ndi imodzi zofanana, ndi kachipika kena kooneka ngati chidutswa cha nzimbe. Mpira umagubuduka osakhazikika, kachipika ka mbali kamakhazikika osagubuduka, pamene kachitatu kaja kamachita zonse ziwiri: kakagona kamagubuduka, kakaima kamakhazikika. Mphatso yachitatu inali chipika chogawidwa m'tizipika tisanu ndi titatu tofanana. Mwana amatsegula kabokosi napeza chinthu chimodzi chathunthu. Akachikhudza chimamwazika, ndipo ndi tizidutswa tomweto amamanga mpando, nyumba kapena mlatho, pomaliza nkubwezeretsa chipika chija. Theka ndi chigawo chimodzi mwa zinayi amazidziwa ndi zala zake zaka zambiri asanazilembe pa sileti.

Pambali pa mphatsozi panali ntchito za manja monga kupinda mapepala, kuluka timizere ta mapepala ngati mkeka, kusoka, kuumba dothi, ndi kulumikiza timitengo pogwiritsa ntchito nsawawa zoviika m'madzi. Panalinso nyimbo ndi masewera a pabwalo, ana atagwirana manja mozungulira, akutsanzira mbalame, mlimi kapena mphero. M'chaka cha 1844 anasindikiza buku la nyimbo ndi masewera a zala loti amayi azigwiritsa ntchito kunyumba. Ndipo munda sunali dzina chabe ayi. Ku Blankenburg mwana aliyense anali ndi kabedi kake kobzalapo zimene wafuna, ndipo timabedi tonseto tinazunguliridwa ndi munda wa onse, kuti mwana aphunzire kusamala chake ndi cha gulu nthawi imodzi.

Chinthu china chachilendo nchakuti Froebel anapereka ntchitoyi kwa amayi, nawaphunzitsa ngati aphunzitsi enieni, panthawi imene uphunzitsi m'maiko a Chijeremani unali wa abambo. M'chaka cha 1849, ku Bad Liebenstein, mayi wina wa banja lapamwamba, Bertha von Marenholtz-Bülow, anamva anthu akunena za nkhalamba yopepera imene inkangovina ndi ana a m'mudzi. Atapita kukaona yekha anagwidwa mtima, ndipo anakhala mtsogoleri wofalitsa ntchitoyi moyo wake wonse.

Tsono mantha a boma anachokera kuti? M'chaka cha 1848 anthu m'maiko a Chijeremani anaukira mafumu awo pofuna ufulu ndi nyumba ya malamulo. Kuukirako kunalephera, ndipo maboma anayamba kusaka aliyense wokayikitsa. Ambiri mwa okonda Kindergarten anali a mbali yofuna ufulu ija, ena anali a mipingo yodzipatula ku mipingo yovomerezeka ndi boma. Kuwonjezera apo, mwana wa mbale wake wa Froebel, dzina lake Karl Froebel, anali atalemba kabuku konena za maphunziro a amayi ndi Kindergarten, ndipo maganizo ake pa ndale ankadziwika. Nduna ya zamaphunziro, Karl von Raumer, inasaina lamulo mu Ogasiti 1851 lonena kuti sukuluzi zinali njira yophunzitsira ana sosholizimu ndi kukana Mulungu. Froebel, munthu wopemphera kwambiri, analemba makalata ofotokoza kuti amusokoneza ndi Karl, koma boma silinasunthike. Nzosavuta kunena kuti ndunayo inangophonya dzina, komabe mwina inaona bwino ndithu: sukulu imene ana a olemera ndi a osauka amaima m'bwalo limodzi, motsogozedwa ndi mayi wophunzira, nazolowera kudzisankhira chochita, si yokondweretsa boma lofuna anthu ongomvera. Froebel anamwalira pa 21 Juni 1852 chiletsocho chikadalipo. Chinachotsedwa m'chaka cha 1860.

Kuletsako kunakhala ngati kupuntha chitsamba chokhwima njere. Othawa kwawo ananyamula nzeruyi. Bertha Ronge anatsegula Kindergarten ku London m'chaka cha 1851. Mng'ono wake, Margarethe Schurz, anatsegula ina m'chaka cha 1856 ku Watertown, m'chigawo cha Wisconsin ku America, ya ana olankhula Chijeremani. Elizabeth Peabody anayambitsa yoyamba ya Chingerezi ku Boston m'chaka cha 1860, ndipo m'chaka cha 1873 Susan Blow anatsegula ina ku St. Louis yolipiridwa ndi ndalama za boma. Kampani ya Milton Bradley inayamba kupanga mphatso zija zambirimbiri. Frank Lloyd Wright, amene anadzakhala katswiri wojambula mapulani a nyumba, anasewera ndi tizipika timeneti ali mwana, ndipo mpaka ukalamba wake ankanena kuti tinamuphunzitsa kuona maonekedwe a zinthu.

Koma ngozi yaikulu pa ntchito ya Froebel sinachokere kwa adani. Inachokera kwa omukonda. Pofuna kusunga chiphunzitso cha mwini wake osachisintha, aphunzitsi ambiri anasandutsa mphatso zija mwambo. Ana ankakhala mozungulira matebulo olembedwa timizere topingasana, aliyense ndi kabokosi kake, nadikira lamulo. Mphunzitsi akati tsegulani, onse atsegule. Akati kachipika aka kapite kumanja, onse akasunthire kumanja. Mphatso yachinayi sinkaloledwa kwa mwana amene sanamalize yachitatu. Kusoka ndi kubowola timabowo papepala kunali kwa tinthu ting'onoting'ono kotopetsa maso ndi zala za mwana wa zaka zinayi. Kunena chilungamo, mbewu ya vutoli anaibzala ndi Froebel yemwe, pakuti ankakhulupirira kuti mpira ndi bwalo zili ndi matanthauzo akuya a umodzi wa chilengedwe, omwe mwana amawamva mumtima ngakhale sangawafotokoze. Omutsatira anagwiritsitsa matanthauzowo naiwala nkhalamba ija yovina ndi ana pabwalo.

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800 kunabuka aphunzitsi ena ku America, monga Anna Bryan ndi Patty Smith Hill a ku Louisville, amene mothandizidwa ndi maganizo a John Dewey anayamba kufunsa ngati zimenezi zinali masewerabe. Iwo ankayamba ayang'ana zimene ana amachita akasiyidwa okha. Anabweretsa zidole, ziwiya zophikira zamasewera, mchenga ndi zida zopalira matabwa. Susan Blow anatsutsa mwamphamvu, nati akutaya cholowa chamtengo wapatali. Mkanganowo unakula kotero kuti bungwe la International Kindergarten Union linasankha komiti ya anthu 19 kuti ipeze mfundo imodzi. Itakambirana kwa zaka pafupifupi khumi, komitiyo inalephera kugwirizana, ndipo m'chaka cha 1913 inatulutsa malipoti atatu osiyana m'buku limodzi.

M'zaka zotsatira mbali ya Hill ndiyo inapambana, ndipo timabokosi ta mphatso tinayamba kusowa m'makalasi. Hill, yemwe panthawiyi ankaphunzitsa ku Teachers College mumzinda wa New York, sanataye zipika za Froebel, koma anazikulitsa. Anapangitsa zipika zazitali ndi zolemera, zoseweretsa pansi osati patebulo, zokhala ndi zitsulo zolumikizira. Ndi zipika zimenezi ana ankamanga nyumba kapena sitolo yoti iwo eni alowemo, ndipo mwana wofuna kuimika khoma ankayenera kuitana mnzake kuti adzamugwirire mbali ina.