Kuchokera kwa Bader Kufika ku Nguludi

Douglas Bader adaduka miyendo yonse pangozi ya ndege mu 1931, koma pankhondo yachiwiri yapadziko lonse adaulutsanso ndege zankhondo atavala miyendo yochita kupanga. Pomukumbukira, mu 1983 ku Britain kudakhazikitsidwa Flying Scholarships for Disabled People, thumba lophunzitsa anthu aulumali kuyendetsa ndege. Pamaphunzirowa, amene miyendo yawo siigwira ntchito amakhotetsa chiwongolero chakumchira ndi dzanja.

Wina anganene kuti izi n'zamanyado kwa munthu wa ku Chiradzulu amene akusowa ngakhale njinga ya olumala. N'zoona, njingayo ndiyo yofunika msanga. Komabe nzeru yosintha chida kuti chigwirizane ndi munthu si yachilendo kuno. Ku Nguludi, koleji ya Montfort yakhala zaka zambiri ikusula aphunzitsi a ana osaona ndi osamva, ndipo kumeneko amasintha chida m'malo motaya mwana: chala chimayenda patimadontho ta Braille n'kuwerenga zomwe diso lalephera.