Human Rights Now!: Zoimbaimba za ku Harare mu 1988

Human Rights Now! unali ulendo wa zoimbaimba womwe bungwe la Amnesty International lidakonza mu 1988 pokumbukira kuti patha zaka 40 chikhazikitsireni chikalata cha ufulu wachibadwidwe wa anthu onse. Ulendowu udayambira ku London n'kukathera ku Buenos Aires. Pa 7 Okutobala, Bruce Springsteen ndi gulu lake la E Street Band, Sting, Peter Gabriel, Tracy Chapman ndi Youssou N'Dour adaimba pa National Sports Stadium ku Harare.

Uthenga wawo unkakhudzanso Malawi. Panthawiyo mlakatuli Jack Mapanje, mphunzitsi wa ku Chancellor College, anali m'ndende ya Mikuyu ku Zomba osazengedwa mlandu. Amnesty idalimbikira kupempha kuti amasulidwe, ndipo adatuluka mu 1991.