Mabodi onyamula magetsi ochuluka m'makina osema zitsulo

Makina osema ndi kuboola zitsulo omwe amayendetsedwa ndi kompyuta, odziwika kuti CNC, amadalira bodi la magetsi potumiza mphamvu ku mamota ake. Pabodili pamakhala timizere ta kopa togwira ntchito ngati mawaya. Timizereti tikachepa, timatentha mpaka kupsa ndipo makina onse amaima.

Vutoli limadza kaamba koti magetsi odutsa mu kamzere akawirikiza kawiri, kutentha kumawirikiza kanayi. N'chifukwa chake akatswiri amagwiritsa ntchito kopa wochindikala ma micrometre 105 kapena kuposerapo, pomwe pabodi wamba amakhala wa ma micrometre 35. Iwo amakulitsanso mulifupi mwa timizereti.

Kuonjezera apo, amaboola timaenje tokutidwa ndi kopa totengera kutentha ku chitsulo cha aluminiyamu choziziritsira bodilo. Njira za magetsi ochuluka amazitalikitsa ndi zonyamula mauthenga a kompyuta pofuna kuti makina asasokoneze miyeso podula chitsulo.

Mu 2009, bungwe la IPC la ku America lidatulutsa ndondomeko ya IPC-2152, yomwe imathandiza kuwerengera kukula kwa kamzere malinga ndi magetsi odutsamo komanso kutentha kololedwa.

Choncho, oyang'anira zogula makina a m'mafakitale ndi m'sukulu zaluso ayenera kufunsa ogulitsa za kuchindikala kwa kopa ndi ndondomeko yomwe idatsatidwa, asanasaine mgwirizano.