Njinga ndi mtunda wa kuchipatala cha maganizo ku Mzimba

Mvula ikamatha, ngayaye za chimanga zitayamba kuuma, anthu okhala m'mbali mwa msewu wa M1 kummwera kwa Mzimba akhala akuona alendo a mtundu wina. Amatsika mapiri a Chikangawa mmodzimmodzi, nkhope zitapsa ndi dzuwa, kumutu zipewa zolimba, mabotolo a madzi atapanikizidwa pafelemu ya njinga. Akaima pa Jenda kuti agule nthochi, anyamata a kabaza amaiwala makasitomala. Wina amatsina tayala, wina amawerenga magiya, wina amainyamula njingayo ndi dzanja limodzi n'kupukusa mutu poona kupepuka kwake. Kenako pamabwera funso la m'Chitumbuka: "Mukuya nkhu?" Mlendo akayankha kuti ku Cape Town, palibe amadabwa ndi dzinalo, poti kumeneko kuli abale a anthu ambiri a kuno. Chimene chimawazunguza mutu n'chakuti munthu apite kumeneko ndi mapedulo.

Ambiri mwa alendowa amakhala a ulendo wotchedwa Tour d'Afrique, umene unayamba mu 2003. Kwa zaka zambiri unkanyamuka ku Cairo mu Januwale n'kukafika ku Cape Town mu Meyi, mtunda wa makilomita pafupifupi 12,000. M'Malawi ankalowera pa Songwe, kudutsa Karonga, kukwera chitunda cha Chiweta, kupuma ku Mzuzu, kenako Mzimba, Kasungu, Lilongwe, n'kutulukira pa Mchinji. Palinso ena amene amayenda okha kapena awiriawiri, tenti ndi mapoto atamanga kumbuyo. Ochuluka ndithu amapalasa ali ndi cholinga chosonkhetsa ndalama zachifundo: iwo amapereka thukuta, anzawo kwawo amalonjeza ndalama pa mtunda umene wayendedwa.

Kumaiko a ku Ulaya, America ndi Australia, maulendo otere aphatikana kwambiri ndi nkhani ya matenda a maganizo. Chifukwa chake n'chomveka. Munthu amene mbale wake anadzipha, kapena iye mwini anadwalapo matenda a kukhumudwa, amasowa poyambira kuikamba nkhaniyo. Njinga imamupatsa poyambira. Paliponse pamene waima anthu amamufunsa chimene akudzivutitsira chonchi, ndipo poyankha amatchula matenda amene kunyumba kwawo ankangonong'onezana. Ine ndimawalemekeza anthu amenewa. Koma ndikawaona akudutsa pa tala, mtima wanga umakhotera kunjira zafumbi zolowera ku Embangweni, Edingeni, Luwerezi ndi Khosolo, kumene njinga ndi matenda a maganizo zinakumana kale kwambiri.

Njinga ya matayala awiri ofanana yoyendera tcheni inapangidwa ku England ndi John Kemp Starley mu 1885, ndipo mu 1888 John Dunlop anabweretsa tayala lopopa. Kuno inafika ndi amishoni ndi azungu a boma. Donald Fraser atakhazikitsa mishoni ya Loudon ku Embangweni mu 1902, pakati pa Angoni a Inkosi ya Makhosi M'mbelwa, masukulu a m'midzi anachuluka, ndipo m'kupita kwa zaka mphunzitsi ndi mlaliki anayamba kudziwika ndi njinga. Koma amene anaidzaza m'midzi ndi amuna opita kutheba, kukagwira ntchito kunja. Ankapita ku Salisbury, ku Bulawayo, kumigodi ya kopa ku Zambia ndi ku Joni, ena wapansi, ena kudzera ku bungwe lolemba anthu ntchito za kumigodi la Wenela. Wobwerera ndi ulemu ankafika ndi jekete, makina osokera ndi njinga ya Humber kapena Raleigh, belu lake likumveka asanaonekere. Mu 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown n'kupha Amalawi oposa 70, ndipo Dr Kamuzu Banda anaimitsa kulemba anthu ntchito za kumigodi, koma njira ya ku Joni sinatsekeke mpaka lero. Pambuyo pake kunabwera njinga zotsika mtengo za ku India ndi China, kenako kabaza, amene ku Mzuzu amamutcha Sacramento.

Si onse ankabwerako ndi belu lolira. Ena ankafika chimanjamanja, osalankhula, ena atamira m'mowa, ndipo akazi otsala ankasenza nkhawa zaka zambiri osalandira kalata. M'dera la Atumbuka, munthu akasokonezeka mumtima, chithandizo choyamba chinali vimbuza. Amuna amaimba ng'oma, amayi ndi ana amazungulira akuomba m'manja, wodwala amavina pakati mpaka mizimu imene yamugwira itadziwika ndi kutonthozedwa. Amishoni analimbana nawo mwambowu, koma sunafe, ndipo mu 2005 bungwe la UNESCO linauika m'gulu la chuma cha chikhalidwe cha anthu onse. Chimene ndimachiona chamtengo m'vimbuza n'chakuti wodwala sasiyidwa yekha. Mudzi wonse umagona panja chifukwa cha iye. Komabe pali matenda, monga khunyu ndi misala yeniyeni imene kuno amati kufuntha, amene ng'oma payokha siithetsa.

Boma la atsamunda linayamba nkhaniyi ndi ndende. Mu 1910 odwala misala anapatsidwa mbali yawo m'ndende yaikulu ya Zomba. Lamulo loyendetsera chithandizo chawo linabwera mu 1948, ndipo linagwira ntchito zaka zoposa 70. Chipatala cha Zomba Mental chinatsegulidwa mu 1953. Kuchokera pa boma la Mzimba kukafika ku Zomba ndi makilomita oposa 500. M'masiku amenewo, kutumiza mwana kumeneko kunali ngati kumuika m'manda ali moyo, chifukwa panalibe wachibale akanatha kukamuzonda. N'chifukwa chake mabanja ambiri ankasunga wodwala kuseri kwa nyumba, nthawi zina atamumanga pamtengo. Sizinali nkhanza zokha ayi. Kawirikawiri anali mantha ndi kusowa kolowera.

Mtundawo unafupika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, pamene abale a chipani cha Katolika cha St John of God ochokera ku Ireland anayamba ntchito ku Mzuzu. Mwini dzinali, amene anabadwira ku Portugal mu 1495, anatsekeredwapo iye mwini m'chipinda cha amisala pachipatala cha ku Granada ku Spain, kumene chithandizo chinali chikoti. Atatuluka anapereka moyo wake wonse kusamalira odwala ndi osauka mpaka imfa yake mu 1550. Ku Mzuzu, otsatira ake anatsegula malo ogonekapo odwala maganizo, anayamba kuyendera zipatala zing'onozing'ono, ndipo mu 2003 anakhazikitsa koleji yophunzitsa ogwira ntchito za umoyo wa maganizo. Kwa munthu wa pa boma la Mzimba, ulendo unatsika kufika pa makilomita opitirira pang'ono 100. Zipatala za m'maboma nazonso zinayamba kukhala ndi anamwino odziwa za matendawa.

Koma Mzimba ndi boma lalikulu kuposa onse m'Malawi, ndipo matenda awa safuna ulendo umodzi. Amafuna mwezi ndi mwezi, chaka ndi chaka. Apa ndi pamene ndimakumbukira amalume anga. Mwana wawo wamwamuna, msuweni wanga, anayamba kudwala ali ku sekondale: kusagona, kumva mawu amene ife sitinkawamva, kuthawira kutchire. Atayamba kumwa mankhwala anakhazikika, koma mankhwalawo ankamulemeretsa thupi ndi kumupatsa tulo, moti sakanatha kupalasa yekha. Tsiku la sikelo yake likafika, amalume ankadzuka tambala woyamba. Pakaliyala ankapindapo thumba kuti pakhale pofewa. Buku la kuchipatala ankalikulunga m'pepala la shuga kuopa mvula. Mnyamatayo akakwera, azakhali ankatenga chitenje n'kuwamanga awiriwo m'chiuno, bambo ndi mwana, kuti akayamba kusinza asagwe. Pamchenga ndi pachitunda amalume ankatsika, kumasula chitenje, kukankha njinga mwana ali pomwepo, kenako kumanganso. Ankabwerako dzuwa litapendeka, atangodya chinangwa cham'thumba.

Mwezi wina anabwerako opanda kanthu. Pachipatalapo mankhwala anali atatha, ndipo anauzidwa kuti akayesenso sabata yamawa. Anapitanso, osawapeza. Pasanathe mwezi matenda anabwerera mwamphamvu kuposa poyamba, ndipo zinatengera amuna anayi kumugwira mnyamatayo kuti akwere galimoto la matola. Usiku umenewo ndinamva amalume akuuza azakhali motsitsa mawu kuti, "Mayi wake, miyendo ndili nayo, njinga ndili nayo. Angondiuza kumene kuli mankhwala." Ndinawerengerapo nthawi ina maulendo awo a zaka zisanu ndi chimodzi, kupita ndi kubwera, ndipo ndinapeza kuti akanatha kuyenda kuchokera ku Chitipa kukafika ku Nsanje n'kubwerera.

N'chifukwa chake ndikamva za ndalama zosonkhedwa ndi opalasa njinga, kaya achokera kunja kaya ndi achinyamata athu omwe amene ayamba kukonda masewerawa, ndimafuna kudziwa kumene zikukathera. Misonkhano ya m'mahotela ndi malaya osindikiza a pa 10 Okutobala, tsiku lokumbukira umoyo wa maganizo padziko lonse, zili ndi malo ake. Koma chimene banja la kumudzi likusowa ndi mafuta a galimoto yobweretsa namwino pachipatala chaching'ono tsiku lodziwika, mankhwala osadukiza pashelefu, ndi njinga yolimba ya mlangizi wa zaumoyo kuti akafufuze wodwala amene sanabwere. Ndikanakondanso kuti tsiku lina gulu la opalasa lisiye tala pa Jenda, lilowe njira ya ku Embangweni, ligone pasukulu ya m'mudzi, ndipo madzulo anthu akafunsa kuti mukuya nkhu, nkhani ya matendawa ikambidwe pabwalo m'Chitumbuka, mafumu ali pomwepo.

Amalume anakalamba, mawondo sawalolanso kupalasa. Njinga ija ilipobe, felemu yokha ndiyo yakale, zina zonse zinasinthidwa. Msuweni wanga ndiye amaikwera tsopano. Tsiku la mankhwala amamanga ndowa ya nyemba pakaliyala paja ankakhala iye, amakagulitsa pamsika, n'kukaima pamzere ndi buku lake m'pepala la shuga. Pobwerera amawagulira bambo ake mchere ndi sopo.