Paipi ya ovafulo ikayamba kudontha

Ku Sharpevale palibe amene amalota zotenthetsa zipinda. Derali lili m'chigwa cha Bwanje, m'mbali mwa msewu wa M5 ndi njanji ya pakati pa Balaka ndi Salima, ndipo ikafika Okutobala aliyense amasaka mthunzi. Ngakhale ku Tsangano ndi ku Lizulu, komwe chisanu cha mu Juni chimalowa m'mafupa, mbaula ndi bulangeti zimakwana. Koma ntchito ya pulambala ilipo ndithu: thanki ya pansanja yolandira madzi a pampu, giza ya magetsi, giza ya sola padenga, ndi mgolo wotenthetsa ndi nkhuni kuseri kwa bafa. Zonsezi zimakhala ndi kapaipi kotayira madzi panja, kamene eni nyumba ambiri amadana nako. Kameneka ndi ovafulo, ndipo mwini nyumba wodziwa mawu ochepa a ntchitoyi atha kuzindikira vuto pulambala asanafike.

Tiyambe ndi bolovavu. Mukavundukula thanki mupeza kampira koyandama, komangidwa ku kandodo kachitsulo. Madzi akamakwera kampirako kamakwera nawo, kandodo n'kukankha washala wa labala amene amatseka polowera madzi. Washala akatha, kapena kamchenga ka mu mjigo kakatsakamira pamenepo, madzi amapitiriza kulowa mpaka kufika pa ovafulo. Nthawi zina kampirako kamabooka. Mukakagwedeza mumamva madzi akukhutchumuka m'kati. Madzi otayika chifukwa cha bolovavu amakhala ozizira, ndipo amanyanya usiku, anthu onse atatseka mipopi. Kumene madzi amakwera ndi pampu ya sola, vutoli limaoneka masana dzuwa likaswa mtengo, pampu ikamakankha ndi mphamvu zake zonse. Mathanki ambiri otere safuna bolovavu yokha, amafunanso switchi yoyandama yozimitsa pampu thanki ikadzaza.

Liwu lachiwiri ndi puresha. Anthu amaganiza kuti thanki yaikulu ndiyo imapereka puresha yambiri, chonsecho chimene chimagwira ntchito ndi kutalika kwa nsanja. Mamita 10 aliwonse amapereka pafupifupi bar imodzi, yomwe ndi 100 kPa. Choncho thanki ya malita 5,000 pansanja ya mamita atatu imakankha mofooka kuposa ya malita 500 pansanja ya mamita asanu ndi limodzi. Magiza ambiri ochokera ku South Africa amalembedwa 400 kPa kapena 600 kPa, ndipo nambalayo ndi malire. Pofuna kuti malirewo asadutsidwe, amaika vavu yochepetsa puresha paipi isanalowe mu giza.

Apa ndi pamene pamabwera kufufuma kwa madzi, nkhani imene imasokoneza anthu ambiri. Madzi akatentha amafuna malo okulirapo. Malita 150 akatenthedwa kufika madigiri 60 amawonjezereka ndi malita awiri kapena kuposerapo pang'ono, ndipo owonjezerekawo ayenera kupeza potulukira. Ndiye giza ikamadontha pang'onopang'ono pamene elementi yayaka, n'kusiya ikazima, palibe chawonongeka. Ikamadontha usana ndi usiku osapumira, vavu yatha kapena puresha yolowa yachuluka. Koma ikamalavula madzi owira ndi nthunzi, zimitsani magetsi msanga. Pamenepo themositati yakanika kudula moto, ndipo yatseguka ndi vavu yachitetezo, imene imagwira ntchito madzi akayandikira kuwira. Giza ya sola ya machubu agalasi nayo imalavula nthunzi masana a chilimwe ngati tsiku lonse palibe wasamba, popeza dzuwa lilibe switchi.

Venti ndi ina, ovafulo ndi ina, ngakhale zonse zimatulutsa madzi. Venti ndi paipi yochokera pamwamba pa giza yopanda puresha kapena pa mgolo wa nkhuni, yoloza kumwamba, yosatseka. Iyenera kutalika kuposa pamene madzi a mu thanki amalekezera, apo ayi imasanduka mpopi wosatsekeka. Pa venti sipaikidwa vavu kapena pulagi ngakhale zitavuta motani. Mgolo wokhala pamoto wotsekedwa mbali zonse umaphulika, ndipo madzi ake amapha.

Lilipo vuto lina lonyenga, limene mapulambala amati madzi akubwerera. Tiyerekeze nyumba imene madzi ozizira amachokera ku paipi ya bodi ya madzi, koma otentha amachokera ku thanki ya kudenga. Mizere iwiriyi imakumana mu mikisa ya m'bafa. Ozizira, pokhala ndi puresha yambiri, amalowa mu paipi ya otentha, n'kukwera chobwerera mpaka kudzadzitsa thanki. Munthu amasintha bolovavu kawiri katatu koma ovafulo osasiya. Kuyesa kwake n'kosavuta: tsekani getivavu yolowetsa madzi mu thanki, tungani ndowa ziwiri, lembani ndi choko pamene madzi alekezera, kenaka tsegulani mikisa. Madzi akadutsa chizindikirocho, ndiye kuti akulowera kumbuyo, ndipo mankhwala ake ndi vavu yolola madzi kuyenda mbali imodzi.

Ku Britain, komwe nyumba zimatenthetsedwa ndi madzi oyenda m'maradiyeta, akatswiri amafufuza chimodzimodzi. Nyumba zakale kumeneko zimakhala ndi kathanki kudenga kodyetsa mapaipi ndi kulandira madzi ofufuma. Kakamasefukira amayang'ana bolovavu, amaona ngati pampu ikuponya madzi kudzera mu venti, amaonanso ngati koyilo ya mu silinda ya madzi otentha yabooka.

Mapaipi enieniwo ali ndi matenda awo. Eyaloko ndi mpweya wotsakamira pamene paipi yakwera n'kutsikanso. Umabwera thanki ikauma, ndipo mpopi umangotsokomola madzi osatuluka. Paipi ya GI imachita dzimbiri m'kati mpaka njira kutsala ngati ya udzu. Ya PVC siyenera madzi otentha, komanso ikakhalitsa padzuwa imauma n'kuyamba kuthetheka. Ya PPR, yobiriwira ija, imapirira kutentha, koma woilumikiza akaiotcha mopitirira, pulasitiki wosungunuka amatseka njira pa joini, ndipo kunja simuona kanthu. Kumene madzi a pansi ali ndi laimu wambiri, zoyera zimene mumaziona mu ketulo zimakutanso elementi ndi mavavu.

Choncho musanaimbe foni, konzani mayankho a mafunso atatu: paipi yodonthayo yachokera ku thanki, ku giza kapena ku venti? Madzi ake ndi ozizira, ofunda kapena owira? Amadontha nthawi yanji? Mukanena kuti, “Bambo, ndi ya pathanki, ozizira, makamaka usiku,” pulambala adzanyamula washala ndi bolovavu, osakuuzani zogula giza yatsopano. Koma akafika n'kunena kuti, “Tingoikapo pulagi, mayi, zitheretu,” muthokozeni bwinobwino, mumpatse ya thiransipoti, mukaitane wina.