Mbiri ya Kanyamulidwe ndi Kasungidwe ka Makamera a Rangefinder

Kamera ya rangefinder ndi kamera imene ili ndi kawindo kakekake koyezera mtunda. Wojambula akasuzumira pakawindoko amaona chinthu chimodzi chikuoneka pawiri, ndipo amapotoza lenzi mpaka ziwirizo zitalumikizana. Mtundu wake waung'ono unabadwa chifukwa cha vuto la katundu. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, makamera ambiri ojambula bwino anali mabokosi olemera oimikidwa pa miyendo itatu. Oskar Barnack, mmisiri wa kampani ya Ernst Leitz ku Wetzlar m'dziko la Germany, ankadwala mphumu ndipo kusenza zoterezi kunkamuvuta. Cha m'ma 1913 anapanga kakamera kogwiritsa ntchito filimu ya kanema ya mamilimita 35. Kanayamba kugulitsidwa mu 1925 ndi dzina loti Leica, ndipo Leica II ya mu 1932 ndi imene inabwera ndi choyezera mtunda cholumikizidwa ku lenzi. Chaka chomwecho Zeiss Ikon ya ku Dresden inatulutsa kamera yake yotchedwa Contax.

Malo oyamba osungira Leica anali thumba la jekete. Lenzi yake ya Elmar inkakankhidwira m'kati, kamera n'kukhala yaphwatalala. Leica II inalibe n'komwe timphete tomangapo lamba. Timeneti tinadza ndi Leica III mu 1933. Wofuna kuikoleka m'khosi ankagula chikwama chachikopa chosokedwa molingana ndi thupi la kamera, chomangidwa ndi sikuluwu kunsi, chimene mbali yake yakutsogolo inkagwa pansi munthu akamasula batani. Opanga ake ankachitcha chikwama chokonzeka nthawi zonse, dzina limene ojambula a nyuzipepala ankaliseka. Chifukwa chake n'chomveka: Leica imalowetsedwa filimu chakunsi, choncho zithunzi 36 zikatha, chikwama chonse chinkayenera kuvulidwa. Alendo okaona malo anachikonda, koma anthu a ntchito ambiri anachisiya kunyumba. Wojambula Henri Cartier-Bresson, amene anagula Leica yake kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1930, ankayenda nayo yosavala kanthu, ataphimba zitsulo zake zonyezimira ndi tepi wakuda kuti anthu a mumsewu asamuzindikire.

Kuyenda ndi kamera yosavala kunali ndi mtengo wake, ndipo malamulo ambiri a kasamalidwe anachokera pamenepo. Tigalasi ta choyezera mtunda timasuntha kamera ikagunda khoma kapena ikagwa, ndipo wojambula amadziwa zimenezi mochedwa, filimu itatsukidwa kale, zithunzi zonse zili mbuu. Chotsekera kuwala cha Leica ndi kansalu kopaka mphira, ndipo pakati pa kansaluko ndi lenzi palibe galasi lotchinga. Kamera ikasiyidwa chagada padzuwa, lenzi imasonkhanitsa kuwala pamalo amodzi n'kuboola kansaluko. Ndiye chifukwa chake ojambula akale anazolowera kuyenda lenzi itayang'ana pansi kapena chivindikiro chili pompo. Chivindikirocho chinabweretsanso vuto lake: popeza munthu sayang'anira m'lenzi, angathe kujambula ukwati wonse osadziwa kuti sanachichotse.

Nikon F itatuluka mu 1959, ojambula ambiri anasamukira ku makamera oyang'anira m'lenzi momwemo, amene anali aakulu ndi olemera, ndipo zikwama nazo zinakula. Jim Domke, wojambula wa nyuzipepala ya Philadelphia Inquirer, anayamba kugulitsa chikwama chofewa cha kanivasi mu 1976. Ku England, banja la Billingham linkasoka zikwama za asodzi, kenaka linatembenukira kwa ojambula litaona kuti ndiwo akuzigula. Otsala pa rangefinder anatengera zikwama zimenezi, makamaka zazing'ono, chifukwa sizionetsa kuti m'kati muli chinthu chodula. Olympus XA ya mu 1979, yopangidwa ndi Yoshihisa Maitani, inathetsa nkhaniyo mwa njira ina: inali ndi kachitseko kotsetsereka kophimba lenzi, moti sinkafuna chikwama kapena chivindikiro.

Pa kasungidwe ka kunyumba, chimene chinkaoneka ngati chitetezo ndicho chinawononga makamera ambiri. Chikopa chimasunga chinyezi, ndipo kamera yotsekeredwa m'chikwama chake m'kabati kwa zaka imamera chuku m'lenzi, chimene chimadya utoto wopyapyala wa pagalasi mosabwezeka. M'mayiko achinyezi monga Japan ndi Singapore anthu anazolowera makabati oumitsa mpweya amagetsi, pamene ena amangoika timapaketi ta silica gel m'bokosi lotsekeka bwino. Mabatire amachotsedwa kuopa kuti angatayikire m'kati, ndipo kamera imatcheredwa n'kuombedwa apo ndi apo kuti mafuta ake asaume. Filimu yosajambula imakhala m'firiji, ndipo imatulutsidwa maola angapo isanatsegulidwe kuti isachite thukuta. Pabwalo la ndege, eni makamerawa masiku ano amapempha kuti filimu ifufuzidwe ndi manja, chifukwa makina atsopano a CT ounikira katundu amatha kuiwononga ngakhale itadutsamo kamodzi kokha.